Masiku Akatha ku Khoti: Mlandu Utayidwe Kapena Umvedwe?

Pabwalo la mfumu amati mlandu suwola. Ngongole ya ng'ombe imene agogo adasiya, mdzukulu amatha kuitsata, ndipo palibe nduna imene ingamubweze poti wabwera mochedwa. Ku khoti la boma n'kosiyana. Kumeneko chinthu chilichonse chili ndi masiku ake: okasuma, oyankha chisamani, operekera maina a mboni, ochitira apilo. Masikuwo akatha, mlandu ungathe kugwa woweruza asadamve n'komwe kuti wolakwa ndani. Tsono funso limene makhoti a m'maiko ambiri akhala akulimbana nalo ndi ili: munthu akachedwa, kodi woweruza ali ndi mphamvu yanji yomukhululukira, nanga ndi liti pamene ayenera kumukaniza?

Kwa anthu a m'maboma a Tsangano ndi Macanga, m'chigawo cha Tete, funsoli limabwera pawiri. Tsangano adachita malire ndi Ntcheu, ndipo malirewo anthu amawadutsa tsiku ndi tsiku. Kachewere wolimidwa m'mapiri a ku Tsangano amagulitsidwa pa Biriwiri ndi pa Tsangano Turnoff, maukwati amamangidwa mbali zonse ziwiri, ndipo kwacha ndi metical zimakhalira limodzi m'thumba. Ku Macanga nako, kuyambira ku Furancungo mpaka ku Chidzolomondo, alimi a fodya amasaina mapangano a ngongole ya feteleza ndi mbewu chaka ndi chaka. Pamene pali malonda ndi ngongole, mikangano siisowa. Mkangano wina ukagwera m'khoti la Mozambique uweruzidwa ndi malamulo ochokera ku Portugal, wina ukagwera m'khoti la Malawi uweruzidwa ndi malamulo omwe mizu yake ili ku England. Pa nkhani ya kuchedwa, miyambo iwiriyi siyankha mofanana.

Nthawi zitatu zimene anthu amasokoneza

Munthu akabwerako ku khoti n'kumati "akuti nthawi idatha", pangakhale zinthu zitatu zosiyana, ndipo mphamvu ya woweruza pa chilichonse mwa izo ndi yosiyananso.

Choyamba ndi zaka zokasuma. Ku Mozambique, Código Civil wa 1966 amapereka zaka 20 pa ngongole wamba, zaka 5 pa zolipidwa mobwerezabwereza monga lendi ndi chiwongoladzanja, ndi zaka 3 zokha kwa munthu wofuna chipukutamisozi atavulazidwa kapena kuwonongeredwa katundu. Ku Malawi, Limitation Act imapereka zaka 6 pa mapangano ndi zaka 3 pa kuvulala m'thupi chifukwa cha kusasamala kwa wina. Apa woweruza manja ake ndi omangika. Wosumiridwa akangotchula kuti zaka zidatha, n'kupezeka kuti zidathadi, mlandu wathera pomwepo. Chimene chimapulumutsa ena n'chakuti wosumiridwayo ayenera kutchula yekha, khoti silimukumbutsa.

Anthu akumudzi amakodwa kwambiri pamenepa. Mkangano umayambira kwa ankhoswe kapena kwa akuluakulu a banja, n'kupita kwa nyakwawa, n'kukafika ku tribunal comunitário, bwalo la m'mudzi lomwe lamulo la Mozambique la 1992 lidakhazikitsa kuti liziyanjanitsa anthu pa milandu ing'onoing'ono. Njira imeneyi ndi yabwino, ndipo gawo 4 la malamulo aakulu a Mozambique a 2004 limavomereza kuti m'dzikomo muli njira zingapo zothetsera mikangano. Komatu zaka zokasuma sizidikira zokambiranazo. Malinga ndi Código Civil, chimene chimadula kuwerenga kwa zakazo ndi chisamani cha khoti, kapena wangongole kuvomera pamaso pa mwini ndalama kuti ngongole ilipodi. N'chifukwa chake kapepala kovomera ngongole, kosainidwa pabwalo mboni zikuona, kali ndi mtengo woposa mmene ambiri amaganizira. Ku Malawi lamulo limachita kunena kuti kuvomerako kukhale kolembedwa ndi kosainidwa.

Chachiwiri ndi masiku a m'kati mwa mlandu umene wayamba kale, monga oyankhira chisamani kapena operekera umboni. Chachitatu ndi mlandu wogona: munthu adasuma, kenaka zii, osautsatanso. Mtsutso weniweni wa mphamvu ya woweruza uli pa ziwirizi.

Khomo lopapatiza la ku Mozambique

Milandu ya pakati pa anthu ku Mozambique imayendera Código de Processo Civil wa 1961, buku lomwe lidalembedwa ku Lisbon n'kufalitsidwa m'maiko omwe Portugal inkalamulira. Dziko litalandira ufulu mu 1975 bukuli lidatsalira, ndipo lidakonzedwanso mu 2005 ndi mu 2009. Mtima wake ndi wakuti masiku amaikidwa ndi lamulo, ndipo masiku ambiri ndi otseka: akatha, ufulu wochita chinthucho wathanso. Woweruza sangawatalikitse poti wamvera munthu chisoni.

Tiyerekeze mlimi wa ku Ntengo-wa-Mbalame amene wamalonda wamusumira kuti adalandira ndalama ya matumba a kachewere koma katundu osapereka. Oficial de diligências, mesenjala wa khoti uja, afika pa njinga yamoto, am'peza kudimba, am'patsa mapepala a m'Chipwitikizi, am'dinditsa chala, n'kumuuza kuti ayankhe molemba pasanathe masiku 20, kapena ocheperapo ngati mlandu uli waung'ono. Mlimiyo apinda mapepalawo kanayi, awatsomeka kudenga pamodzi ndi khadi la kuchipatala, mumtima akuti tsiku la mlandu likakwana ndikadziyankhira ndekha, mboni ndili nazo. Umu ndi mmene amalidziwira bwalo: amakuitana, umapita, umafotokoza. Chonsecho khoti silikumudikira kuti adzafotokoze pakamwa. Likudikira pepala lotchedwa contestação, ndipo lamulo limati munthu wolandira chisamani m'manja mwake akapanda kuyankha, zimene womusumira wanena zimatengedwa ngati wazivomera. Chigamulo chikatuluka, masiku oti anene kuti akuchita apilo ndi 8 okha.

Makomo othawira alipo, koma ndi opapatiza. Loyamba ndi la chindapusa: wochedwa pang'ono chabe amaloledwa kupereka pepala lake masiku atangotha kumene, bola alipire multa pomwepo. Lachiwiri ndi la chisamani cholakwika. Ngati munthu sadapatsidwe chisamani konse, kapena adamuitanira pa chikalata chomata pakhoma pamene kwawo kukudziwika, zochitika zonse za pambuyo pake zimafafanizidwa. Khomo limeneli ndi lofunika m'dera lomwe anthu akhala akusamuka mwadzidzidzi, monga mu 2015 ndi 2016 pamene anthu oposa 10,000 a mbali za Moatize ndi Tsangano adathawa nkhondo n'kukakhala ku Kapise m'boma la Mwanza.

Khomo lachitatu, lomwe ndi lenileni pa nkhani yathu, ndi justo impedimento. Gawo 146 la buku la 1961 lidaifotokoza ngati chopinga chimene munthu sakadachiyembekezera, chosachokera kwa iye, ndipo chomulepheretseratu kuchita chofunikacho, kaya iye mwini kaya womuimira. Wochedwayo amayenera kuonekera ku khoti chopingacho chikangochoka, umboni uli m'manja. Woweruza amamva mbali inayo kenaka n'kugamula. Mphamvu yake yokhululuka yagona pamenepa basi, ndipo imathera pamene tanthauzo la chopingacho lathera.

Vuto n'lakuti chopingacho chikhale chosayembekezereka. Mu Januwale 2022 namondwe Ana adagumula mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè, pakati pa mzinda wa Tete ndi Moatize. Munthu amene adalephera kukafika ku khoti la chigawo masiku amenewo ali ndi chifukwa chimene woweruza aliyense angachimve. Nanga msewu wa fumbi umene umasanduka matope dzinja lililonse, minibasi ya chapa n'kumatha masiku osadutsa? Nanga mwana wodwala malungo, maliro a pamudzi, ndalama ya kabaza imene imapezeka pokhapokha fodya akagulitsidwa? Woweruza wouma pa lamulo anganene kuti mvula ya Febuluwale aliyense amaidziwa, munthu akadanyamuka msanga. Mwa njira imeneyi tsoka lalikulu logwa kamodzi lamulo limalimva, koma mavuto a tsiku ndi tsiku a munthu wosauka, omwe ndiwo amachedwetsa anthu ambiri, amatsala panja. Portugal mwini wake adaliona vutoli, ndipo pokonza buku lake mu 1995 ndi 1996 adafutukula tanthauzolo kuti likhale chochitika chilichonse chimene munthuyo alibe nacho mlandu.

M'mwambo umenewu chifundo chachikulu chimachokera kwa opanga malamulo. Mliri wa Covid-19 utafika mu 2020, lamulo la Mozambique lovomereza kuti dziko lili pa ngozi, kuyambira mu Epulo chaka chimenecho, lidaimitsa kuwerenga kwa masiku a m'makhoti pamodzi ndi zaka zokasuma. Woweruza payekha sakadatha kuchita zimenezo.

Pa mlandu wogona, buku la 1961 lidati ukakhala kupitirira chaka osayenda chifukwa cha kunyalanyaza kwa eni ake umaimitsidwa, ndipo ukakhala woimitsidwa zaka 5 umafa wokha. Portugal idafupikitsa nthawiyi, moti buku lake latsopano la 2013 limangodikira miyezi 6. Mlandu wofa motere sutanthauza kuti wosuma wapezeka wabodza, ndipo angathe kusumanso. Koma gawo 327 la Código Civil limati zikatero zaka zokasuma zimawerengedwa kuyambira pa chisamani choyamba chija. Wovulala pa ngozi ya galimoto, amene ali ndi zaka 3 zokha, akadzadzidzimuka kuti asumenso amapeza zakazo zidathera m'kabati ya khoti.

Khomo lotakata la ku Malawi

Tsidya lino la malire woweruza ali ndi mpata waukulu. Mwambo wa ku England udakula ndi maganizo akuti malamulo a ndondomeko alipo kuti atumikire chilungamo, ndipo kutaya mlandu osaumva ndi chilango chomaliza. Pa mlandu wa Allen ndi kampani ya Sir Alfred McAlpine mu 1968, komanso wa Birkett ndi James umene bwalo la House of Lords lidagamula mu 1977, oweruza adakhazikitsa kuti mlandu utayidwe pa zifukwa ziwiri zokha. China ndi pamene wosuma wanyozera dala lamulo la khoti. Chinacho ndi pamene wachedwa mopyola muyeso popanda chifukwa chomveka, ndipo kuchedwako kwapangitsa kuti mlandu usaweruzikenso mwachilungamo kapena kwapweteka kwambiri mbali inayo. Bwalo lalikulu la Malawi lidatsata njira yomweyo pa mlandu wa Sabadia ndi Dowset Engineering, pamene jaji Unyolo adati khoti lidzifunse mafunso atatu: kodi kuchedwako n'kwakukulu, kodi n'kokhululukika, nanga kwavulaza mnzakeyo?

Kufatsa kumeneku kudabala mavuto ake. Poti kutaya mlandu kudali kovuta, maloya adazolowera kuzengereza, milandu n'kumagona zaka. England idasintha malamulo ake mu 1999 potsatira malangizo a Lord Woolf, n'kuwakhwimitsanso mu 2013. Chaka chomwecho padachitika mlandu umene udagwedeza maloya onse a dzikolo. Phungu wa nyumba ya malamulo Andrew Mitchell adasumira eni nyuzipepala ya The Sun kuti adamuipitsira mbiri, koma maloya ake adachedwa ndi masiku 6 kupereka chikalata chosonyeza ndalama zomwe mlandu udzadye. Khoti lidagamula kuti ngakhale atapambana sadzabwezeredwa ndalama za maloya, zomwe zidali zoposa mapaundi 500,000, ndipo bwalo la apilo lidavomereza. Zotsatira zake zidali zoti maloya adayamba kusakana tizolakwa ting'onoting'ono m'malo mokamba nkhani yeniyeni. Mu 2014, pa mlandu wa Denton ndi TH White, bwalo la apilo lomwelo lidabwezako dzanja. Lidati woweruza ayambe waona kukula kwa cholakwacho, kenaka afunse chifukwa chake, pomaliza ayese zonse zozungulira mlanduwo kuti agamule mwachilungamo. M'chaka chimodzi chokha makhoti a ku England adalawa kuipa kwa kuuma mtima, atatha zaka zambiri akulawa kuipa kwa kulekerera.

Malawi idasiya malamulo akale a ku England mu Okutobala 2017 pamene malamulo atsopano oyendetsera milandu ya pakati pa anthu ku bwalo lalikulu adayamba kugwira ntchito. Malamulowa adayesa kugwira mbali zonse ziwiri. Amati cholinga chachikulu ndi kuweruza mwachilungamo, ndipo kuphonya ndondomeko pakokha sikupha mlandu: woweruza angathe kukhululuka, kulamula kuti cholakwikacho chikonzedwe, kulipiritsa wochedwayo ndalama zimene mnzake wawononga, kapena kufafaniza zonse. Komanso amalola khoti kuchotsa mlandu umene wakhala miyezi 12 osayenda, ngakhale osachenjeza mwini wake. Wosuma amene sadabwere pa tsiku loyanjanitsa mbali ziwiri pamaso pa jaji angathenso kutayiridwa mlandu. Munthu amene wagamulidwa poti sadayankhe chisamani ali ndi mwayi wopempha kuti chigamulocho chichotsedwe, akasonyeza chifukwa chomveka chimene adachedwera ndiponso kuti ali ndi yankho logwira mtima pa mlanduwo. Pamwamba pa zonsezi pali gawo 41 la malamulo aakulu a dziko, lomwe limapatsa munthu aliyense ufulu wokafika ku khoti kuti nkhani yake ithetsedwe.

Mlimi wathu uja akadakhala kuti wasumiridwa ku Ntcheu, mwayi wake womvedwa ukadakhala wokulirapo. Koma mwayiwo ukadatsamira kwambiri pa mtima wa woweruza amene wam'peza tsiku limenelo.

Zimene milandu ya zisankho idaonetsa

Anthu ambiri adaimva nkhaniyi koyamba pa wailesi, pa milandu ya zisankho. Ngakhale milanduyi ili ndi malamulo akeake, imaonetsa poyera zimene zimachitika masiku akalimbana ndi chilungamo.

Ku Zambia, chitatha chisankho cha pulezidenti cha pa 11 Ogasiti 2016, Hakainde Hichilema adakasuma kutsutsa kupambana kwa Edgar Lungu. Malamulo aakulu a dzikolo adati mlandu wotere umvedwe m'masiku 14. Masikuwo adathera pa mikangano ya ndondomeko, ndipo pa 5 Sepitembala oweruza atatu mwa asanu adagamula kuti nthawi yatha, khoti lilibenso mphamvu. Mlandu udatayidwa umboni usadamvedwe, m'dziko lomwe malamulo ake aakulu, atakonzedwa chaka chomwecho, amalangiza makhoti mu gawo 118 kuti asamakakamire kwambiri pa timfundo ta ndondomeko.

Ku Malawi zidayenda mwina. Chitatha chisankho cha pa 21 Meyi 2019, mbali ya Peter Mutharika ndi bungwe loyendetsa zisankho idapempha kuti madandaulo a Saulos Chilima ndi Lazarus Chakwera atayidwe poti sadaperekedwe motsata ndondomeko. Oweruza adakana pempholo mu Juni, adamva umboni kwa miyezi, ndipo pa 3 Febuluwale 2020 adafafaniza chisankhocho. Ku Mozambique lamulo la zisankho limapereka maola 48 okha oti munthu akadandaule ku khoti la boma, ndipo madandaulo ambiri, kuphatikizapo a chipani cha Renamo ku Moatize pa zisankho za makhonsolo za 2018, adagwa pa zifukwa za ndondomeko.

Phunziro lake n'lakuti mlandu ukatayidwa osamvedwa mkangano sutha. Wopambana amakhala ndi chigamulo, koma woluza amapita kwawo akukhulupirirabe kuti adam'bera. Izi n'zoona pa mpando wa pulezidenti, n'zoonanso pa malire a dimba.

Mbali ziwiri za sikelo

Pali chiyeso chonena kuti masiku onsewa ndi nkhanza chabe za anthu ophunzira. Si choncho. Masiku amateteza wosauka kuposa wolemera. Mayi wamasiye amene wasumira kampani ya inshuwalansi kapena mwini lole amene adagunda mwamuna wake, chida chake chachikulu ndi lamulo lokakamiza mbali inayo kuyankha msanga. Amene ali ndi ndalama ndiye amapindula mlandu ukamachedwa, chifukwa loya wake amalipidwa ndithu pamene mboni za wosauka zikumwalira, zina zikupita ku Joni, malisiti akudyedwa ndi chiswe. Ndalama nayo imasungunuka. Kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, moti amene adasumira ngongole zisadachitike izi n'kupambana pambuyo pake adalandira ndalama yosagula zomwe ikadagula kale. Wosumiridwa nayenso ndi munthu. Si chilungamo kuti akhale zaka ndi mlandu pamutu, osatha kugulitsa munda kapena kukongola ku banki, chifukwa womusumira wagona. Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo khoti silingasinthe mwambi umenewu chifukwa cha munthu amene sasamala za mlandu wake womwe.

Mphamvu yotakata ya woweruza ilinso ndi ngozi yake. Anthu awiri ochedwa mofanana angathe kulandira mayankho osiyana m'zipinda ziwiri za khoti limodzi. Pamene lamulo lasiya zambiri m'manja mwa munthu mmodzi, mpata wa tsankho ndi ziphuphu umakula, ndipo wodziwika amakhululukidwa msanga kuposa mlendo. Olemba buku la 1961 ankaopa zimenezi, ndipo mantha awo sadali opanda pake. Lamulo louma lili ndi ubwino umodzi: aliyense amadziwiratu chimene chidzachitike.

Komabe kudziwiratuko kumathandiza yekhayo amene lamulolo akulidziwa. Gawo 10 la malamulo aakulu a Mozambique limati chiyankhulo cha boma ndi Chipwitikizi, ndipo mapepala a khoti amalembedwa m'chiyankhulo chimenecho, pamene pakhomo ku Tsangano ndi ku Macanga anthu amayankhula Chichewa. Maloya ambiri ali m'mizinda ikuluikulu. Bungwe la IPAJ, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1994 kuti liziimira anthu osowa ndalama kwaulere, ndilo limatseka mpata umenewu, koma munthu amayenera kudziwa kuti lilipo ndi kukafikako masiku asadathe. Apilo yochokera ku khoti la chigawo cha Tete imakamvedwa ku Beira. Masiku 20 a kampani yokhala ndi loya ndi galimoto si ofanana ndi masiku 20 a munthu woyenda pansi kuchoka ku Chidzolomondo. Gawo 62 la malamulo aakulu aja limalonjeza nzika iliyonse mwayi wofika ku makhoti, ndipo lonjezo limeneli liyenera kumveka pamene woweruza akutanthauzira gawo 146.

Palinso nkhani imene anthu amadandaula mbali zonse ziwiri za malire: khoti limalanga munthu pochedwa ndi tsiku limodzi, lokha n'kumatha miyezi kapena zaka osatulutsa chigamulo. Ku Malawi ogwira ntchito m'makhoti adanyanyala ntchito kwa milungu yambiri mu 2012, n'kubwerezanso kumapeto kwa 2014, milandu yonse n'kuima. Woweruza woganiza bwino, asadataye mlandu poti wagona miyezi 12, amayamba wafufuza ngati udagona m'manja mwa wosuma kapena m'kabati ya kalaliki.

Zoyenera kuyesa asadataye mlandu

Tikaphatikiza zimene makhoti a maiko onsewa aphunzira, mafunso ofunika ndi ochepa. Kuchedwako n'kotalika bwanji, tsiku limodzi kapena zaka ziwiri? Wolakwa ndani, mwini mlandu kapena womuimira? Kodi munthuyo adamvetsa zimene pepala limafuna, m'chiyankhulo chimene amamva? Mbali inayo yataya chiyani chenicheni chifukwa cha kuchedwako, kapena ikungofuna kupambana osayankha? Kodi n'koyamba, kapena khoti lidachenjeza kale iye n'kunyozera? Ndipo funso lalikulu kuposa onse: kodi palibe chilango chocheperapo chimene chingakonze zinthu, monga chindapusa, kulipira ndalama zimene mnzake wawononga, kapena kum'patsa masiku omaliza ndi chenjezo lakuti akaphonyanso mlandu watha?

Mayankho akalembedwa m'chigamulo, mantha a tsankho amachepa, chifukwa bwalo la apilo lingathe kuona ngati woweruza adayesa zinthu moyenera. Mphamvu yokhululuka imene ili ndi mafunso odziwika ndi zifukwa zolembedwa ndi yosiyana kutalitali ndi mphamvu yongochita mmene mtima wafunira.

Maganizo anga ndi akuti kutaya mlandu kusungidwire wonyozera dala ndi wogona mopweteka mnzake. Kwa ena onse, mlandu umvedwe ndipo wochedwa alipire mtengo wa kuchedwa kwake. Ku Mozambique izi zikufuna kuti oweruza a m'maboma aziyesa chopinga cha munthu ndi moyo weniweni wa dera lawo, komanso kuti wopereka chisamani azifotokoza m'Chichewa, momveka, kuti yankho likufunika lolembedwa, pofika tsiku lakuti, ndipo kukhala chete ndi kuvomera. Ntchito yomanga nyumba ya khoti m'boma lililonse, imene pulezidenti wa nthawi imeneyo Filipe Nyusi adakhazikitsa mu 2021, imafupikitsa mtunda, koma nyumba payokha siiwerengera munthu pepala. Ku Malawi chofunika n'chakuti mphamvu yotakatayo igwiritsidwe ntchito mofanana kwa wolemera ndi wosauka.

Kwa inu owerenga, kaya muli ku Furancungo, ku Tsangano kapena ku Ntcheu, musadalire chifundo cha woweruza pamene mungathe kudziteteza nokha. Safunsa adadya phula. Mukalandira pepala la khoti, lembani tsiku limene mwalilandira, ndipo sabata yomweyo pitani nalo ku ofesi ya makalaliki a khoti, ku IPAJ, kapena ku Legal Aid Bureau ngati mlandu uli ku Malawi. Funsani tsiku lomaliza loyankhira. Chilichonse chimene mwapereka, sungani kope lodindidwa chidindo cha khoti. Ngati ndinu wosuma, muzikafunsa pafupipafupi pamene mlandu wafika. Ndipo mukachedwa chifukwa cha matenda, maliro kapena mlatho wokokoloka, tengani kalata ya kuchipatala kapena ya mfumu n'kukaonekera ku khoti tsiku loyamba limene mwatha kuyenda.